Kamvekedwe ka Balaka: Alleluya Band ndi ana ake

Wolemba: mnzanu wa mu Fomu 2

Anzanga, pali nyimbo zina zoti ikangoyamba, woimba asanatsegule n'komwe pakamwa, munthu umadziwiratu kuti iyi ndi ya ku Balaka. Kiyibodi imatsogola ndi timawu tokwera ngati malipenga, ng'oma imalowa mosathamanga komanso mosazengereza, kenaka besi n'kubwera pansi pake ngati bambo wonenepa amene akupita kumsika alibe ngongole. Nyimbozi timazimva tonse: m'minibasi ya ku Liwonde, pa chigayo, pa okala yotchajitsa mafoni pa Nsanama, pa ukwati, ngakhale pa wailesi Lamulungu masana. Ambirife timazitcha "za makolo" n'kupempha kuti atisinthire, atiikire amapiano. Ine ndikuti tisanasinthe, tiyeni tidziwe kaye kuti chinthuchi anachipanga ndani, ndipo anachipanga bwanji. Kamvekedwe kameneka sikanagwe ndi mvula ayi. Kanapangidwa ndi anthu, pa malo amodzi, ndi zipangizo zowerengeka, ndipo malowo ndi pafupi pompa: ukangowoloka Shire pa Liwonde, kanthawi kochepa wafika.

Wina afunsa kuti za ku Balaka zikutikhudza bwanji ife a ku Machinga. Kafunseni aphunzitsi a Social. Balaka anakhala boma payekha mu 1998, ndipo izi zisanachitike dera lonselo linali mbali ya boma la Machinga. Ndiye kuti bandi imene ndikufuna kukambayi inabadwira m'boma lathu lomwe lino. Nanga tisanyade bwanji?

Mmene zinayambira

Alleluya Band inayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika ya ku Balaka. Amene anasonkhanitsa achinyamatawo ndi wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici. Mmodzi mwa anyamatawo, amene anadzakhala mtsogoleri wa zoimba m'gululo, anali a Paul Banda a m'mudzi wa Sosola, akulu awo a malemu a Lucius Banda.

Mwina simukuona chachilendo pamenepa, koma taganizirani mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Mabandi a zipangizo zamagetsi anali a m'tauni: ya wailesi ya MBC, ya apolisi, ya asilikali, ndi ena oimba m'mahotela. Mnyamata wakumudzi akafuna kuimba ankakhoma yekha banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga, ng'oma yake chikopa cha mbuzi. Luso linalipo, inde, koma bandi simakhala ndi luso lokha. Imafuna magetsi, imafuna chipinda choyesereramo popanda wina kukuthamangitsani, imafuna zipangizo zoti zikawonongeka pakhale wozikonzetsa, komanso imafuna anthu omvera. Parishi inali ndi zonsezi, ndipo anthu omvera ankabwera okha Lamulungu lililonse popanda kuwaitana ndi chimkuzamawu. Bandi ya ku hotela ikakangana ndi bwana imabalalika mwezi womwewo. Bandi ya pa parishi imatha kukangana, wina n'kuchoka, koma magitala amatsala pompo kudikira mnyamata wina. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Chinthu choyamba chimene chili m'kati mwa kamvekedwe ka Balaka ndiye ndi kwaya. Inu amene mumaimba kwaya mukudziwa mmene zimakhalira: mmodzi amatsogolera, ena n'kumayankha, mawu amagawidwa, sopulano pamwamba, aluto ndi tenala pakati, besi pansi, ndipo kolasi imabwerezedwa mpaka agogo amene sadziwa kuwerenga aigwire. M'tchalitchi mawu a nyimbo amayenera kumveka bwinobwino chifukwa ndi chiphunzitso. Ana a Alleluya anakulira m'mwambo umenewu, ndipo sanausiye ngakhale atayamba kuimba za chikondi, za umphawi kapena za ndale. N'chifukwa chake m'nyimbo ya ku Balaka mawu a woimba amakhala kutsogolo, zipangizo pambuyo. Sufunika kubwereza katatu kuti umve zimene akunena. Yerekezani ndi nyimbo zina za masiku ano zoti mpaka ufufuze mawu ake pa intaneti, chonsecho akuimba Chichewa chako chomwe.

Chachiwiri ndi rege. Rege kwawo ndi ku Jamaica, ndipo inafika kuno kudzera pa mawailesi ndi m'zimbale zimene anthu ankabwera nazo kuchokera kunja. Bob Marley anaimba pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe mu 1980, ndipo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Lucky Dube wa ku South Africa anali atagwedeza chigawo chonse chino. Koma kuno, nthawi ya Kamuzu, mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Choncho rege inalowa ku Balaka itameta, itavala malaya oyera a m'tchalitchi. Anatenga kagundidwe kake ndi mtima wake womenyera osauka, koma chipembedzo cha Chirasita anachisiya pakhomo.

Tayesani izi pa desiki

Kuti mumvetse rege, werengani pang'onopang'ono: 1, 2, 3, 4, n'kubwerezanso. Pa 1 musamenye kalikonse, pasiyeni pululu. Pa 3 menyani desiki ndi chibakera, "du". Mnzanu wa pambali azinena "tcha" pa 2 ndi pa 4 pokha. Mukakwanitsa kanayi osasokonezeka, mwaimba rege ya ku Jamaica. Kukoma kwake kuli pa malo opanda kanthu aja. Thupi limayembekezera kuti pa 1 pagunda chinachake, koma sipagunda, ndiye umangopezeka ukunyadira cham'mbuyo ngati ukutsika njinga. (Muyese nthawi ya buleki, osati aphunzitsi ali kutsogolo. Ine sindidzakuyankhirani mlandu.)

Tsopano sinthani pang'ono. Menyani chibakera pa manambala onse anayi, du, du, du, du, muthamangeko pang'ono, mnzanu uja asasiye "tcha" wake. Mwamva kusiyana? Malo opanda kanthu aja atsekeka, ndipo miyendo ikufuna kuponda. Umu ndi mmene nyimbo zambiri za ku Balaka zimayendera. Ndi rege yoti amayi a pa ukwati angathe kuvina atanyamula mbale ya ndalama ya perekaniperekani, komanso yoti gulu la kwaya lingathe kuyenda nayo pa mdipiti wopita kuguwa. "Tcha" uja ku Jamaica kwenikweni ndi ntchito ya gitala, koma ku Balaka kawirikawiri amachita ndi kiyibodi. Ndipo kiyibodi yomweyo imagwiranso maganyu ena: imasanduka malipenga poyambira nyimbo, imasanduka limba la m'tchalitchi kumbuyo kwa woimba, nthawi zina mpaka chitoliro.

Nanga besi? Besi ya ku Jamaica imalankhula pang'ono n'kupuma, ngati mfumu pa bwalo. Ya ku Balaka imayenda kwambiri, imakwera n'kutsika motsatira woimba, pafupifupi ngati abambo a besi a m'kwaya. Makodi, kutanthauza mawu angapo olizidwa pamodzi amene nyimbo imatsamirapo, sakhala ambiri. Nyimbo zambiri zimazungulira pa atatu, amene a kwaya amawatchula kuti do, fa ndi so. Imachoka pa do, kupita pa fa, kukwera pa so, n'kubwerera kwawo pa do. Ena amaseka kuti n'zophweka. Koma nsima nayo ndi ufa ndi madzi basi, komabe si aliyense amene amaphika yopanda mibulu. Pa makodi atatu omwewo, kupeza kanyimbo koti munthu akamva kamodzi azikang'ung'udza polima tsiku lonse, pamenepo ndiye pagona luso la a Paul Banda. Mverani chimbale chawo cha Malilime, muone ngati mawa lake simudzuka nacho m'mutu.

Situdiyo imodzi, munthu mmodzi

Apa ndi pamene ambiri sadziwa. Kale woimba akafuna kujambula nyimbo ankayenera kupita ku Blantyre, makamaka ku wailesi ya MBC, yomwe inali wailesi yokhayo m'dziko muno. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 a Paul Banda anatsegula situdiyo ku Balaka yotchedwa Imbirani Yahwe, yomwe anthu amangoti IY. Kuchokera pamenepo mnyamata wa ku Ulongwe, wa ku Ntaja kapena wa ku Ntcheu sankafunikanso kukhala ndi bandi yakeyake kuti atulutse chimbale. Ankangobwera ndi mawu a nyimbo ndi kaimbidwe kake m'mutu.

Zinkatheka bwanji? Mu situdiyo yotere nyimbo imamangidwa ngati khoma, mzere ndi mzere. Poyamba wojambula amatchera ng'oma pa makina: amawauza kuti gunda apa ndi apa, pa liwiro lakuti, ndipo makinawo amagunda chimodzimodzi mpaka nyimbo itatha, osatopa, osapempha ndalama ya sopo. Pamwamba pake amaika besi. Kenaka kiyibodi ya "tcha", kenaka ya malipenga, kenaka gitala ngati ikufunika. Pomaliza woimba amalowa, ndi omuyankha awiri kapena atatu. Munthu mmodzi wodziwa zipangizo atha kugwira ntchito ya anthu asanu ndi awiri. Mtengo wojambulira umatsika, ndipo osauka amakwanitsa.

Koma taonani zotsatira zake. Ngati oimba ambirimbiri adutsa m'chipinda chimodzi, pa makina amodzi, m'manja mwa munthu mmodzi, nyimbo zawo zimatuluka zofanana nkhope ngati ana a bere limodzi. Ng'oma yomweyo, lipenga lomwelo, kayambidwe komweko. Chimene ife timachitcha kamvekedwe ka Balaka mbali yaikulu ndi kulira kwa zipangizo zimene zinali m'chipindamo ndi makutu a munthu amene ankazigwiritsa ntchito. Masitudiyo ena ataona kuti zikugulidwa anayamba kutengera, mpaka oimba oti ku Balaka sanapondeko ankamveka ngati a ku Sosola.

Zoti kamvekedwe ka nyimbo kamabadwa kuchokera ku zimene munthu ali nazo ndi zimene alibe si za kuno kokha. Ndinawerenga pa foni ya achimwene anga za bandi ya ku Birmingham, ku England, yotchedwa Black Sabbath, yomwe inayamba mu 1968. Woimba gitala wake, Tony Iommi, anaduka nsonga za zala ziwiri pa makina a mu fakitale ali mnyamata. Kuti zala zisamapweteke, ankagwiritsa ntchito nsambo zopyapyala, ndipo kenaka anayamba kuzimasula kuti zikhale zolendewera. Gitala inayamba kulira mozama ndi molemera ngati bingu lakutali. Mtundu wa nyimbo wotchedwa metal unaphuka pamenepo, ndipo lero mpaka m'maiko ngati Denmark muli mabandi oimba nyimbo zazitali zolemera choncho, zoyamba mwakachetechete n'kumakula ngati mvula ikubwera kuchokera kuphiri. Uko kunali zala zoduka, kuno kunali kuchepa kwa ndalama zolipira oimba asanu ndi awiri. Konseko anthu anapanga kamvekedwe koti dziko likadziwe.

Palinso kaseti. Anzanga a Fomu 1 mwina simunaionepo: kabokosi kapulasitiki kokhala ndi lamba wopyapyala m'kati, mbali ziwiri, A ndi B. Amalume anga amati ankaizunguza ndi cholembera pofuna kubweza nyimbo, kuopa kutha mabatire. Makaseti a oimba a kuno ankafalitsidwa kwambiri ndi sitolo ya O.G. Issa ku Limbe, ndipo mavenda ankapita nawo m'misika yonse. Tsono ganizirani kawailesi ka mabatire kokhala ndi sipika yaing'ono ngati chivindikiro cha kapu. Besi yozama ya ku Jamaica singatuluke m'menemo, imangomveka phwe phwe. Koma kiyibodi yokwera ndi mawu a munthu zimatuluka bwino lomwe. Ine ndikuona kuti ichi n'chifukwa china chimene nyimbo za ku Balaka zinalowera m'midzi mofulumira: zinkakwana bwino m'kawailesi ka munthu wosauka. Ngakhale lero, iseweretseni pa foni ya mabatani, mupeza kuti palibe chimene chasowa.

Mawu a m'nyimbo

Nthawi ya chipani chimodzi kunali bungwe la boma lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu, ndipo woimba wolankhula mosasamala ankatha kuona zakuda. Nyimbo zauzimu zinali ndi mwayi wina. Ukaimba za Farao ndi ana a Israeli, kapena za olemera opondereza amasiye, ukuimba za m'Baibulo, ndani angakugwire? Koma womvera ankadziwa yekha kumene mwala wagwera.

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula mmene dziko linkayendera. Kalatayo inasindikizidwa ku Balaka, ku makina osindikizira a chipani cha Montfort, ndipo pasanapite nthawi anthu ena anakatentha malowo. Mu Juni 1993 kunachitika riferendamu, mu Meyi 1994 chisankho cha zipani zambiri. Ndiye taonani, oimba athuwa sankaonera zinthuzi patali. Moto unayaka m'tauni yawo yomwe, pa malo a ansembe omwe anawalera.

A Lucius Banda anabadwa mu 1970, ndipo analowa mu Alleluya ali mnyamata wa msinkhu wathuwu, akuphunzira kwa akulu awo. Mu 1993 anapita ku Johannesburg, ndipo kumeneko anajambula chimbale chawo choyamba, Son of a Poor Man. M'chimbalemo muli nyimbo ya Mabala, yokamba za zipsera zimene ulamuliro wakale unasiya mwa anthu. Zimene akulu awo ankazikulunga m'mafanizo, iwo anazinena poyera. Dzina loti Soldier, kapena Soja monga timanenera ife, linachokera pa mtima womenyera anthu osauka umenewu. Mukamvera chimbalechi mupeza kuti chikumveka chonenepa kusiyana ndi zojambulidwa kuno nthawi imeneyo, ndipo fungo la Lucky Dube lilimo ndithu. Koma kayankhidwe ka oimba a kumbuyo ndi kafotokozedwe ka nkhani ndi za kwaya ya kwawo.

Zimbale zinatsatana: Down Babylon, Cease Fire, Take Over. Mu 1997 a Lucius anayambitsa bandi yawoyawo, Zembani. Pa nthawi imeneyi Balaka anali ngati sukulu ya oimba. A Mlaka Maliro, a Billy Kaunda, a Charles Sinetre, a Coss Chiwalo, a Isaac Liwotcha, a Paul Subili ndi a Rod Valamanja, onsewa mayina awo amatchulidwa pokamba za kamvekedwe kameneka. Ena anakulira mu Alleluya, ena anadzera ku situdiyo kapena ku Zembani. Chimene ndimadandaula n'chakuti mukawerenga mayinawa mupeza amuna okhaokha. Amayi ankakhalapo, koma kumbuyo, oyankha ndi ovina. Ochepa ngati a Wendy Harawa, amene anadzera ku Zembani, ndi amene anafika poima kutsogolo ndi dzina lawolawo. Atsikana a m'kwaya ya pasukulu pano, nkhani imeneyi ndi yanu.

Moyo wa Soja sunali wosalala. Mu 2004 anasankhidwa kukhala phungu wa dera la kumpoto kwa Balaka. Mu 2006 khoti linawapeza olakwa pa mlandu wokhudza satifiketi ya sukulu, ndipo anakakhala kundende ya Zomba miyezi yochepa asanatuluke atachita apilo. Chimbale cha Cell 51 Maximum dzina lake linachokera kumeneko. Mu 2010 wailesi ya boma inakana kuulutsa chimbale chawo cha 15-15, koma m'maminibasi chinkalira chimodzimodzi. Anapambananso uphungu mu 2014. Anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa, ndipo anaikidwa kwawo ku Sosola. Pa ndale zawo anthu amasiyana maganizo, ena amati woimba akalowa chipani mano ake amabuntha, ena amati ayi. Kwathu mkangano umenewu sutha, ndipo ine ndimangomvetsera.

Gitala imatsala

Kumbukirani mfundo ndinati muisunge ija. Akatswiri atachoka, aliyense kukayamba zake, ambiri akanayembekezera kuti Alleluya ifa. Sinafe. A Foster Chimangafisi, a Sinetre, a Chiwalo ndi ena anapitiriza, ndipo pambuyo pawo panabwera achinyamata ena. Bandiyi ili pansi pa bungwe la Andiamo lomwe Bambo Mario anayambitsa ku Balaka komweko. Andiamo ndi mawu a Chitaliyana otanthauza kuti "tiyeni". Kwa zaka zambiri bandiyi yakhala ikupita ku Italy kukaimba, ndipo maulendowo amathandiza kupeza thandizo la ntchito za bungweli monga sukulu ndi chipatala. Mu 2018 inakwanitsa zaka 40. Tandiuzeni, ndi mabandi angati m'Malawi muno amene afika zaka zimenezi asanagawane masipika?

Kwa ine apa ndiye pali kusiyana kwa bandi ndi woimba. Woimba ndi munthu, amakalamba, amadwala, amakhumudwa n'kusiya. Bandi ngati Alleluya ili ngati timu ya mpira: osewera a chaka chino si a zaka khumi zapitazo, koma yunifolomu ndi kaseweredwe n'zomwezo. Woimba besi watsopano amaphunzira nyimbo zakale kaye asanabweretse zake, ndipo pophunzirapo kamvekedwe kaja kamalowa m'zala zake osadziwa.

Kuti mumvetse bwino Balaka, muyerekezeni ndi Chileka. Cha m'ma 1999 a Evison Matafale anatulukira ndi chimbale cha Kuimba 1, ndipo atamwalira mu Novembala 2001 bandi ya Black Missionaries inapitiriza. Rege ya ku Chileka ili pafupi ndi ya ku Jamaica: yodekha, besi yolemera, malo opanda kanthu aja amawalemekeza, ndipo Chirasita sanachisiye pakhomo. Ya ku Balaka ndi yowala ndi yopepuka. Ya ku Chileka umaimva m'chifuwa, ya ku Balaka m'mapewa ndi m'mapazi. Anyamata a Fomu 3 amene mumati rege yeniyeni ndi ya Mablacks yokha, ndakumvani, koma mukuyeza mbuzi ndi muyeso wa nkhosa. Anthu a ku Balaka sankafuna kukhala Ajamaika.

Zodandaulitsa zilipo, sindibisa. Anthu ena odziwa za nyimbo amati kamvekedwe kameneka kanachititsa kuti dziko lino lichedwe kupeza kaimbidwe kakekake kogulitsa kunja, chifukwa aliyense anathamangira rege ya pa kiyibodi n'kusiya magule athu. Pamenepa ndikugwirizana nawo theka. Tikamavina manganje kuno, ng'oma zitatu zimalankhulana, ina ikufunsa ina ikuyankha, ndipo woimba ng'oma amasintha malinga ndi mmene wovina wapondera. Makina sangachite zimenezo. Amagunda chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati wotchi. Ukamvera zimbale zitatu motsatana za oimba otengera aja, tulo timabwera, zoona. Koma mlandu umenewu ndi wa otengera, osati wa oyambitsa. Ndipo Alleluya ikakhala pa nsanja imaimba ndi woimba ng'oma weniweni, thukuta kamukamu, osati makina. Theka linalo ndikukana chifukwa ichi: nyimbo yoti yaimbidwa m'Chichewa, yokamba za ngongole ya feteleza ndi za mwana wamasiye wolandidwa munda, yovinidwa pa maukwati athu kwa zaka zoposa makumi atatu, ingakhale bwanji yachilendo? Chimanga nachonso chinachokera ku America, koma palibe amene amati nsima si yathu.

Chinafooketsa malonda a nyimbozi si kutopa kwa anthu kokha ayi. Kaseti itatha, kunabwera ma CD, kenaka mamemole. Lero tonsefe timapita pa kashopu kokhala ndi kompyuta n'kuuza mnyamata wa pamenepo kuti atidzazire memole. Timalipira iyeyo, nyimbo mazanamazana n'kulowa, koma woimba sapezapo ngakhale tambala. Bungwe la COSOMA, loteteza ntchito za aluso, linakhazikitsidwa mu 1992, komabe kulondola kashopu kalikonse ka pa msika uliwonse si ntchito yamasewera. Kale chimbale chikagulidwa, woimba ankabweza ndalama ya situdiyo n'kutsala ndi yogulira malata. Pano ndalama ili m'mashoo, ndipo shoo imafuna galimoto, jenereta ndi holo. N'chifukwa chake mnyamata wa luso wa kuno amasankha kukajambula yekha pa kompyuta ya mnzake m'malo mosonkhanitsa bandi. Mukaganiza bwino, akuchita zomwe zija za ku IY, munthu mmodzi kumanga nyimbo mzere ndi mzere, kungoti makina ndi ena.

Mu 2020 a Patience Namadingo anajambula nyimbo zosakaniza pamodzi ndi akuluakulu angapo, kuphatikizapo a Lucius Banda ndi a Billy Kaunda, ndipo achinyamata ambiri amene ankati "za makolo" anazitsitsa pa mafoni awo. Nyimbo zake zinali zakale zomwe zija, chimene chinasintha ndi zovala: ng'oma zofewa, gitala yomveka bwino, malipenga a kiyibodi atachepetsedwa. Ngati muli nazo pa memole, yesani izi. Imvani kaye nyimbo imodzi mmene inajambulidwira poyamba, musatsatire mawu, mungotsatira besi yokha kuyambira poyamba mpaka pothera. Ibwerezeni, ulendo uno mutsatire "tcha" uja, muone ngati ikuchita ndi gitala kapena kiyibodi. Kachitatu mverani oyankha a kumbuyo, muwerenge kuti alipo mawu angati. Mukatero ikani ya a Namadingo ija, muone kuti pa zitatuzi chatsala n'chiti, chachoka n'chiti. Amene mupeze yankho mulembe pa kapepala, mupereke kwa akonzi a nyuzi ya pakhomayi lisanafike Lachisanu la sabata yamawa, tidzamate pansi pa nkhani ino.